A Lumo ndi Magalasi Awo

A Lumo anali thukuta kamukamu ngakhale m'mawa umenewo kunali kamphepo kozizira. Anali atakhala pa benchi m'khonde la sukulu ya sekondale, pamzere wa makolo odikira kupimidwa maso. Mzere ukasuntha, iwo ankatembenukira wa pambuyo pawo n'kunena kuti, "Pitani inu, ine sindikufulumira." Anali atadumphitsa kale agogo ena, mayi wa mwana kumsana, ngakhalenso mlonda wa pasukulupo amene ankangodutsa osafuna n'komwe za maso.

"Bambo, basi!" anatero mwana wawo wamkazi atawagwira malaya. "Mukadumphitsanso wina ndikukokerani m'katimo ngati mbuzi."

Mtsikanayu anali wa Fomu 2. Kunyumba ankamutcha Kanyerere chifukwa akagwira chinthu sankachisiya mpaka atachifikitsa. Sabata imeneyo chinthu chimene anagwira chinali maso a bambo ake.

Dzina loti Lumo linachokera ku ntchito yawo yometa. Babashopu yawo inali kachipinda ka malata pafupi ndi msika, kokhala ndi mpando umodzi wozungulira, kalilole wong'aluka pakona, benchi ya odikira ndi wayilesi yolankhula ikamenyedwa. Pometa panalibe wowaposa, ndipo polankhula ngakhale wayilesiyo inkawasiyira. Koma a Lumo sankadziwa kuwerenga. Bambo awo anamwalira iwo ali kamwana, ndipo pamene anzawo ankanyamula mabuku, iwo ankasesa tsitsi m'babashopu ya amalume awo. Zimenezi ankazidziwa ndi akazi awo okha. Kwa ena onse anali ndi yankho limodzi. Kasitomala akawapatsa foni kuti aone uthenga woseketsa, iwo ankasisita m'matumba n'kuti, "Aa, magalasi ndaiwala. Tangondiwerengerani." Magalasiwo panalibe amene anawaonapo. Lero anali ataiwalika, mawa atasweka, mkuja mphaka atawagonera.

Pofuna kuti wina asawakayikire, a Lumo ndiwo anali patsogolo kuseka sukulu ya akuluakulu imene inkachitika masana m'holo ya kuseri kwa msika. "Munthu wa imvi zake kukaimba a, e, i, o, u!" ankatero, makina ali m'manja. "Ukafuna kupita kuchimbudzi uzikweza dzanja? Ine ayi!"

Ndiye madokotala a maso atabwera kusukulu kudzapima ana ndi makolo mwaulere, Kanyerere anaona kuti vuto la bambo ake latha. A Lumo anayesa kunena kuti makasitomala akudikira, anayesa kunena kuti m'mimba mukuwapota, koma zonse zinakanika.

M'chipinda chopimiramo munali dokotala wachinyamata wofatsa. Anawakhazika pa mpando n'kuwafunsa kuti, "Bambo, kuwerenga mumatha? Ngati simutha musadandaule, tili ndi chikwangwani china cha zithunzi."

A Lumo anacheuka. Kanyerere anali ataima pakhomo, akumwetulira monyadira.

"Funso lanji limenelo, adokotala?" anayankha a Lumo. "Zithunzi muziwapatsa ana."

Dokotala analoza chilembo chapamwamba penipeni. Chinali chachikulu ngati chitseko. A Lumo ankachiona bwinobwino. Ankaonanso kantchentche kamene kanatera pakona pa chikwangwanicho, kakutikita timanja take. Koma chilembocho kwa iwo chinkangooneka ngati chipeso chotsala mano atatu.

"Kuli chifunga, adokotala."

Dokotala anawaveka magalasi opimira. "Nanga pano?"

"Chifunga chachuluka."

Dokotala anasintha, anaika okhuthala. Chifunga sichinachoke. Anasinthanso, anasinthanso, mpaka anafika pa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Apa ndiye chifunga chinabweradi. Chikwangwani chinasanduka mtambo, dokotala anasanduka anthu awiri.

"Bambo," anatero dokotala uja motopa, "chilembo cha E chachikulu chonchi simukuchionabe?"

A Lumo anaona kuti khomo lothawira latseguka. "E! Eya, ndi E ameneyo! Taonani mmene wayimira bwino!"

Kanyerere anawomba m'manja. Dokotala anapukuta thukuta, n'kutulutsa m'katoni magalasi a mphamvu yomweyo. "Muzivala tsiku lonse," anatero. "Ndikudabwa kuti mwakhala mukuyenda bwanji zaka zonsezi."

Ulendo wobwerera kunyumba unali wautali. A Lumo ankakweza mwendo kudumpha ngalande zomwe kunalibe, n'kugwera m'zomwe zinalipo. Pa shopu ya zovala anavula chipewa n'kupereka moni kwa chidole chovekedwa suti, ndipo chitapanda kuyankha anadandaula kuti anyamata a masiku ano alibe ulemu. Atafika kunyumba, akazi awo anawayang'ana kamodzi, anaona maso awo atakula ngati a kadzidzi, n'kuthawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi nsalu.

"Bambo a Kanyerere," anawanong'oneza pambuyo pake, "muuzeni mwanayu zoona zisanakuphulikireni."

"Ndikavula kushopu, musade nkhawa," anayankha a Lumo.

Koma tsiku lotsatira linali Loweruka, ndipo Kanyerere ananyamula mabuku ake n'kunena kuti akawerengera kushopu komweko. Anakhala kumapeto kwa benchi, diso limodzi pa buku, linalo pa bambo ake. Dzanja la a Lumo likangoyandikira magalasi, iye ankatsokomola.

Makasitomala awiri oyamba anali ofuna mpala, choncho a Lumo anawameta mopapasa ngati munthu wosankha dzungu. Wachitatu anali a Chindevu, ogulitsa nyama mumsika, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Ndevu zawo za pamlomo wapamwamba zinkadziwika msika wonse. Zinali zakuda bii, zopindikira m'mwamba mbali zonse ziwiri ngati nyanga za ng'ombe, ndipo ankazidzoza mafuta m'mawa uliwonse.

"Achimwene, lero mugwire ntchito ndi mtima wonse," anatero akudzikhazika pa mpando. "Mawa mwana wanga akukwatiwa. Mungodula kansonga kokha, ziyime bwino pa zithunzi."

A Lumo anayatsa makina. Atayang'ana pa mpando anapeza kuti pakhala a Chindevu atatu, onse akuyandama. Anaganiza kuti enieni ayenera kukhala apakatiwo. Anawerama, anapuma mpweya, n'kutsitsa dzanja.

Makina analira mosiyana ndi masiku onse. Chinthu chakuda chinagwera pa nsalu yoyera, chikadali chopindika bwinobwino.

A Chindevu anayang'ana pa kalilole. Kumanja kunali nyanga. Kumanzere kunali bwalo.

"Mayo ine!" anakuwa, mpaka malata ananjenjemera. "Lumo! Wandipha! Ndevu zimene ndinayamba kusunga mwana ameneyu asanabadwe! Mawa ndikayima bwanji pamaso pa asebere anga? Ndiziyenda chammbali ngati nkhanu?"

Odikira pa benchi anayesa kudzigwira koma zinakanika. Wina anagwa pansi ndi phwete. Anthu ochokera mumsika anayamba kusuzumira pakhomo. Kanyerere yekha ndiye sankaseka.

"Pepani, a Chindevu," anatero mtsikanayo. "Bambo anga maso awo ndi odwala kwambiri. Mwina magalasiwa achepa mphamvu. Lolemba ndikapempha okhuthala kuposa awa."

Mawu oti okhuthala kuposa awa ndi amene anamaliza a Lumo. Anazimitsa makina, anavula magalasi aja n'kuwaika pa tebulo. Dziko linabwerera m'malo mwake, ndipo choyamba kuona chinali nkhope ya mwana wawo, misozi ili lengelenge chifukwa cha matenda omwe kunalibe.

"Mwanawe, maso anga alibe vuto," anatero pang'onopang'ono. "Nditha kuona nsabwe m'mutu mwa munthu ali tsidya la msewu. Chimene sinditha ndi kuwerenga. Sindinalowepo m'kalasi chibadwire."

Kuseka kunatha. A Lumo, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anangoyang'ana tsitsi lomwe linali pansi.

"Nanga muja ndinkakuonetsani makope anga," anafunsa Kanyerere, "inu n'kumati ndalemba zokongola?"

"Zinalidi zokongola, mwanangu. Kungoti sindinkadziwa zomwe zikunena."

Kanyerere anatseka buku lake. Anadzuka, anapita kukaima pafupi ndi bambo ake, n'kuyang'ana anthu a pakhomo aja mmodzimmodzi mpaka ena anayamba kubwerera mumsika.

Amene anathetsa bata anali a Chindevu. Anayamba ndi kugwedeza mapewa, kenako chimimba, kenako anaphulika kuseka, nyanga yotsala ija ikuvina yokha.

"Lumo, ndiwe chitsiru cha mwamuna!" anatero akupukuta misozi. "Ndevu zanga zafera zimenezi? Iwe umayesa masana ndikatseka butchala ndimapita kuti? Ndimakhala kuholo kuja, ndikuimba a, e, i, o, u yemwe umaseka uja! Ndakhala ndikumva chipongwe chako ndili pa mpando uno, ndikungokupirira chifukwa lumo linali pakhosi panga."

"Inu, a Chindevu?"

"Ine amene. Ndinatopa ndi kudinda chala ngati wakuba. Mawa ndikalemba dzina langa ndekha m'buku la ukwati, mwana wanga akuona. Kungoti ndikalemba ndi mlomo wapululu. Meta mbali inayi, ndisachite manyazi kawiri. Koma mlandu sunathe. Chindapusa chake n'chakuti Lolemba masana ndidzakutenga pano, tipitire limodzi. Ukakana, ndikuyika pa phewa ngati mwendo wa ng'ombe."

A Lumo anayang'ana Kanyerere. Kanyerere anapinda manja pachifuwa. Iwo anadziwa kuti pakati pa awiriwa palibe pothawira.

Lolemba masana a Lumo anatseka shopu, chipewa atachitsitsira kumaso. Anayenda kumbuyo kwa a Chindevu kuti chithupi chawo chiwabise. Pakhomo pa holo anaima n'kusuzumira. M'katimo munali mabenchi aatali, bolodi lotsamira khoma, ndi anthu ambiri kuposa mmene ankaganizira. Munali mayi wogulitsa tomato, kondakitala wa minibasi, telala wa pakona, ndi anyamata awiri okonza njinga. Pakona pena kalaliki wopuma pantchito, amene ankawerengera anthu nyuzipepala m'babashopu, anali atakhala pa kompyuta, akuibaya ndi chala chimodzi mwamantha ngati ikhoza kumuluma.

"Inunso, akulu?" anadabwa a Lumo. "Si inu munatha mabuku onse?"

"Mabuku ndinatha," anayankha kalalikiyo osacheuka, "koma ichi chandigwira pakhosi. Zidzukulu zimandiseka. Khalani pansi, mukundisokoneza."

Mayi wa tomato anasuntha kuti awapatse malo. "Takulandirani, a Lumo," anatero mokoma. "Mukafuna kupita kuchimbudzi muzikweza dzanja."

Holo yonse inaseka, ndipo a Lumo anapezeka kuti nawonso akuseka. Aphunzitsi, mayi wamfupi wa mawu ofewa, anawapatsa kope ndi pensulo popanda kuwafunsa kuti anali kuti zaka zonsezi. Pensuloyo inawavuta kuposa lumo. Anaigwira ngati akufuna kuipha, mpaka inathyoka nsonga kawiri. Koma dzuwa lisanapendeke kwambiri, pa tsamba loyamba panali mzere wa zilembo zopendama ngati anthu otopa, ndipo chilichonse ankachidziwa dzina lake.

Anafika kunyumba kope lili m'manja, osalibisa. Kanyerere anawachingamira pakhomo.

"Zayenda bwanji, bambo?"

"Aphunzitsi aja ndi okondera," anadandaula a Lumo. "Andisamutsa pa benchi ya a Chindevu, akuti tikulongolola. Andikhazika kutsogolo ndekha ngati wolakwa. Kenako atipatsa ntchito yokalembera kunyumba, tsamba lonse lathunthu. Munthu wa banja langa!"

"Ndiye mukudikira chiyani? Khalani apa."

Kanyerere anasuntha mabuku ake, n'kuwasiyira theka la tebulo. Anawakonza zala pa pensulo, chimodzichimodzi, n'kuika dzanja lake pamwamba pa lawo. Analemba limodzi chilembo choyamba, chachiwiri anawasiya okha. A Lumo anatulutsa lilime pang'ono, mphuno ili pafupi ndi pepala.

Akazi awo anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Chakudya chapsa, bwerani chisanazizire."

A Lumo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mayi, chonde musatisokoneze," anatero. "Ana asukulu tili pa ntchito."