Ivone Asesa Khwawa

Ivone ankakhala ku Matundo, mumzinda wa Tete. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mlatho.

Nkhondo inali itatha. Ivone ndi bambo ake anali atabwerako ku Malawi, kumene anathawira. Bambo akewo, a Venâncio, ankasoka nsapato. Mwendo wawo umodzi unaduka ndi bomba. Ankayenda pa njinga ya matayala atatu, yopalasa ndi manja.

Msika unali kutsidya kwa khwawa. Khwawalo linali lakuya. Njinga ya bambo sinkatha kutsika. Sinkathanso kukwera.

Choncho thumba la nsapato ankanyamula Ivone. M'mawa uliwonse bambo ankamuperekeza mpaka m'mphepete mwa khwawa. Apo ankabwerera. Ivone ankatsika yekha. Ankakwera yekha. Thumba linkalemera.

"Aaa, khwawa iwe!" ankatero Ivone. "Wanditopetsa!"

Tsiku lina kunabwera uthenga. Mzinda wapeza ndalama za mlatho wa oyenda pansi. Koma ndi za mlatho umodzi wokha. Kubwera munthu wodzawerenga anthu. Pamene pamawoloka ambiri, mlatho ukhala pomwepo.

Lachitatu munthuyo anafika. Dzina lake linali Bernardo. Anali ndi buku ndi pensulo. Anafika masana, dzuwa lili paliwombo. Dzuwa la ku Tete! Anthu onse anali pamthunzi. Ngakhale agalu anali pamthunzi.

A Bernardo anadikira. Anadikirabe. Kenako mbuzi inawoloka.

"Mbuzi imodzi," anatero, nalemba.

Lachinayi anafikanso masana. Anadikira. Mbuzi yomwe ija inawoloka.

"Mbuzi imodzi," anatero, nalemba.

"Bambo, bwerani m'mawa!" anatero Ivone. "Anthu amawoloka kusanatenthe."

"M'mawa ndimakhala ku ofesi, mwana iwe. Mawa ndi tsiku lomaliza. Ine ndimalemba zimene ndaona."

Ivone anagwira m'chiuno. "Aaa! Zanditopetsa!"

Anathamangira kwa bambo ake.

"Ababa, akuti pano pamawoloka mbuzi basi!"

A Venâncio anaseka. "Ndiye nsapato zonsezi ndikusokera mbuzi?"

Ivone sanaseke. Anayang'ana nsapato. Anayang'ana kunsi kwa nsapato. Kenako anayang'ana tsache.

Lachisanu anadzuka tambala atangolira. Anatsikira m'khwawa ndi tsache. Anasesa mchenga. Anasesa, anasesa, mpaka mchenga unasalala.

Amayi Celeste ogulitsa tomato anafika ndi dengu pamutu.

"Iwe Ivone, ukusesa khwawa? Kukubwera alendo?"

"Inde, Amayi. Pondani bwino, chonde."

Amayi Celeste anaponda. Ana asukulu anaponda. Ogulitsa makala anakankha njinga zawo. Onse anaponda, anaponda, anaponda.

Masana a Bernardo anafika. Anadikira. Mbuzi inawoloka.

"Mbuzi imo..."

"Ayi!" anakuwa Ivone. "Tsikani muone!"

A Bernardo anatsika mwapang'onopang'ono. Mumchenga munali mapazi okhaokha. Aakulu, aang'ono, ansapato, opanda nsapato.

"Ili ndi la Amayi Celeste," anatero Ivone. "Chigamba ichi anasoka ndi ababa. Ili ndi la aphunzitsi. Chidendene ichi anakhoma ndi ababa."

A Bernardo anakanda m'mutu. "Koma munthu ali ndi mapazi awiri. Ndiwerenga bwanji?"

Ivone anapumira m'mwamba. Munthu wamkulu wa pensulo!

Anatenga kamtengo, najambula mizere iwiri pamchenga.

"Werengani a pakati apa. Werengani amanzere okha."

A Bernardo anagwada. Anayamba kuwerenga m'Chipwitikizi.

"Vinti... trinta... sinkwenta!" Pensulo inathyoka. Anaisongola. Anawerengabe. Thukuta linali kamukamu.

"Mwana iwe," anatero, "mlatho ukhala pano."

Pomwepo anatsegula tsamba lina. Anajambula mlatho. Unali wokongola. Unali wopapatiza. Unali ndi masitepe asanu uku, masitepe asanu uko.

Ivone anayang'ana chithunzicho. Anaponya tsache pansi.

"Masitepe? Aaa! Zanditopetsa!"

"Chavutanso n'chiyani? Mapazi amakwera masitepe."

"Simunawerenge onse, bambo. Pali mmodzi akusowa."

"Ndawerenga onse!"

"Amene anasoka nsapato zonsezi, phazi lake lili pati?"

A Bernardo anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Sanalipeze.

Ivone anawagwira dzanja. Anakwera nawo pamwamba. M'mphepete mwa khwawa munali mizere itatu ya matayala. Mizereyo inafika pamphepete. Inakhota. Inabwerera kunyumba.

"Awa ndi ababa," anatero Ivone. "Amafika apa tsiku lililonse. Amabwerera apa tsiku lililonse."

A Bernardo anawerama, nayang'anitsitsa. Anatsatira mizereyo mpaka pakhonde. Apo anapeza a Venâncio akusoka. Anawapatsa moni. Anayeza njinga yawo ndi chingwe.

Kenako anafufuta masitepe. Anafufuta asanu uku, asanu uko. Anakuza mlathowo. Anajambulanso njira yosalala yofika kumsika. Njira ya oyenda pansi ndi a njinga, onse pamodzi.

"Mumanga mawa?" anafunsa Ivone.

"Ayi. Pepalali lipite kaye ku ofesi."

Pepala linapita ku ofesi. Linachoka ku ofesi iyo, linapita ku ofesi ina. Mvula inabwera. Mvula inapita. Nsapato za Ivone zinayamba kuthina. Iye ankatsikabe. Ankakwerabe.

"Aaa, pepala iwe! Kodi nawenso ukusowa mlatho?"

Koma tsiku lina kunabwera simenti. Kunabwera zitsulo. Kunabwera amisiri. Anakumba, anakhoma, anamanga.

Mlatho unatha!

Tsiku lotsegulira, anthu anadzaza. A Bernardo anafika m'mawa. Inde, m'mawa! Amayi Celeste anawoloka ndi dengu. Ana asukulu anawoloka akudumpha. Amakala anawoloka akuliza mabelu.

Mbuzi ija inafika. Inanunkhiza mlatho. Inatembenuka, inatsikira m'khwawa.

"Mbuzi imodzi," anatero a Bernardo. Onse anaseka.

Ivone anatola thumba la nsapato.

"Bweretsa kuno," anatero bambo ake. "Lero ndinyamula ndine. Iwe kwera kumbuyo."

Ivone anakwera. Bambo anapalasa. Anafika pamphepete paja. Sanakhote. Sanabwerere.

Ivone anacheuka. Kumbuyo kunali mizere itatu ya matayala. Inali yowongoka, mpaka kutsidya.

"Watopa, mwanangu?" anafunsa bambo.

"Ayi, Ababa," anatero Ivone. "Palasani!"