Ndiwo Zopanda Mchere

Ku Fonte Boa, makolo akafuna kuchititsa manyazi ana awo okangana m'banja, ankaloza nyumba ya Zeferino ndi Efijenia. Awiriwa anakwatirana kutchalitchi cha pamishoni, ankalima limodzi kachewere ndi nyemba, ndipo Zeferino ankasenzera mkazi wake nkhuni dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Amuna anzake ankati anadyetsedwa khuzumule, iye n'kumangoseka.

Kenako nkhondo inakwera kumapiri. Anthu a mfuti anamupeza Zeferino kumunda n'kumufunsa kumene anabisa ng'ombe. Anachedwa kuyankha, ndipo mmodzi anamumenya kunkhongo ndi thako la mfuti. Efijenia anamukweza pangolo, anawoloka naye malire mpaka kuchipatala cha ku Malawi. Kumeneko anamujambula mutu n'kunena kuti fupa silinasweke. Sananame ayi. Makina awowo ankaona fupa lokha, za m'kati sankaziona.

Bala linapola, anabwerera kwawo, koma chakudya chinasanduka utuchi m'kamwa mwa Zeferino.

"Mayi, ndiwozi mwathira mchere?"

"Ndathira, bambo. Mwina ndachepetsa."

Mawa lake zomwezo, mkuja zomwezo. Mchere unali wosowa masiku a nkhondo, ndiye Efijenia anayamba kusenza kachewere kupita ku Kalomwe kukasinthanitsa ndi mchere wa ku Dedza, kuti mwamuna wake adye. Pobwerera ankakwera njinga ya Jeraldo, wonyamula akatundu pamalirepo, chifukwa mkazi woyenda yekha m'njira imeneyo sankadziwa ngati akafike.

Amene anathira mafuta pamoto anali Kasilda, mchemwali wake wa Zeferino, mayi woti pakamwa pake sipankatera ntchentche.

"Achimwene, kodi munakulira kuti inu? Mkazi akaleka kuthira mchere m'ndiwo, simudziwa tanthauzo lake? Amene wagona ndi mwamuna wina sathira mchere, amaopa kudula mwamuna wake ndi mdulo. Alamu angawa akukusungani moyo, koma pa njinga ya Jeraldo amagwira m'chiuno ndi manja awiri."

Miseche ndi yoipa, abale. Imatola kanthu koona n'kukaveka bodza, ndipo munthu wodwala mutu alibe mphamvu yozilekanitsa. Kuyambira tsiku limenelo Zeferino ankalawa ndiwo ngati woweruza, ndipo mbale iliyonse inkamuuza kuti mkazi wake ndi wachigololo. Anayamba kubisala m'chimanga m'mbali mwa msewu, ndipo anawaonadi akutsika chitunda panjinga, Efijenia atakumbatira kathumba ka mchere, akuseka. Mtima wake unada bii.

Lamlungu lina atachoka ku Misa, Efijenia anaphika nyemba. Anali atatopa ndi kunenedwa, ndiye anathira mchere wodzaza manja, mwamuna wake akuona. Zeferino analawa, anatafuna pang'onopang'ono, n'kuponya mbale pansi.

"Ukundipusitsa ndi chiyani? Phulusa? Wathira phulusa kuti ndiziti ndi mchere?"

Chikwatiranireni anali asanamutchulepo kuti iwe.

"Bambo, ndi mchere umenewu, lawani m'thumbamu. Miyendo yanga yatha ndi ulendo wa ku Kalomwe chifukwa cha inu."

"Chifukwa cha ine kapena cha Jeraldo?"

"Ndikulumbira pamtanda uwu, sindinadziwepo mwamuna wina. Mukudwala inu, tiyeni tibwerere kuchipatala."

"Wandipanga chitsiru, tsopano ukundipanga wamisala!"

Musi unali utatsamira pamtondo. Efijenia anatchinga ndi dzanja, dzanja linathyoka. Anagwa chogwada akuitana dzina la mwamuna wake, ndipo musi unatsikanso pamutu, n'kutsikanso, mpaka kuitanako kunaleka. Magazi anayenderera kukasakanikirana ndi nyemba zotayika zija.

Woyamba kufika anali Kasilda. Pothamangitsa galu amene ankanunkhiza pamphika, anaona kuti galuyo wanyambita kamodzi n'kuchoka yekha. Anaviika chala, analawa, n'kulavula. Nyemba zinali zowawa ndi mchere. Kasilda anakhala pansi m'dothi.

Apolisi anamutengera Zeferino kundende ya ku Tete. Ali kumeneko anayamba kugwa khunyu, ndipo nkhondo ikupita kumapeto, padiri wina, wansembe, anamupemphera kwa akuluakulu kuti atumizidwe kulikulu kumene kunali makina ojambula ubongo weniweniwo. Pa tsiku la mlandu ku tiribunali, dotolo anakweza chithunzicho pawindo n'kuloza madontho akuda kutsogolo kwa ubongo.

"Atamenyedwa kunkhongo, ubongo unakagunda fupa la pachipumi. Mitsempha yomvera fungo ndi kukoma inawonongeka. Munthuyu, a Juwizi, ngakhale mumudyetse mchere wokhawokha sangamve kanthu."

Zeferino anaimirira. "Ndiye kuti ankathira?"

"Ankathira," anayankha Kasilda ali pabenchi ya mboni, nkhope ataphimba ndi chitenje.

Juwizi, woweruza mlanduwo, anati chithunzicho chaonetsa chimene chinapha lilime, koma musi anaunyamula ndi manja a munthu wodziwa chimene akuchita. Anamulamula kukhala m'ndende zaka makumi awiri.

Ine ndimati nkhondo inamulanda Zeferino kukoma kwa chakudya basi. Mkazi anadzilanda yekha, pokhulupirira lilime lake lakufa ndi lilime lamoyo la mchemwali wake, n'kukana kumva amene ankamukonda.

Alonda a kundendeko amati akaidi akapatsidwa kamchere ka mlungu, ena amathira m'nyemba zawo. Zeferino amakathira pachikhatho n'kumanyambita mpaka milomo kung'ambika, misozi ikugwera momwemo, kudikira tsiku limene adzamve chimene Efijenia ankamuuza.