Minibasi ya Ennie

Uyu ndi Ennie, mng'ono wanga. Ine ndine Tawina. Kwathu ndi ku Domasi, kufupi ndi msewu waukulu.

Masiku ano Ennie amayankhula ngati wailesi. Amayankhula akudya. Amayankhula akusamba. Amayankhula ngakhale ndi nkhuku. Koma kale sizinali choncho, ndipo ine ndimakumbukira.

Ennie ali ndi zaka zinayi, sankayankhula. Ankangoloza ndi chala. Koma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuitana ababa.

Ababa ndi kondakitala wa minibasi. Amaitana anthu pa siteji ya Songani. Mawu awo ndi aakulu. Amamveka mpaka kumsika.

M'mawa uliwonse minibasi ya ababa inkadutsa pamsewu. Ine ndinkakuwa, "Ababa!" Ababa ankatembenuka. Ankandikwezera dzanja.

Ennie ankatsegula pakamwa. Mawu osatuluka. Minibasi inkapita. Ennie ankabisa nkhope m'diresi langa. Ine ndinkamva chisoni kwambiri.

Kunyumba tonse tinkamukonda Ennie. Tinkamukonda mpaka kumusasatitsa. Akaloza kapu, amayi ankamupatsa madzi. Akaloza mango, ine ndinkathamanga. Munthu akamufunsa dzina, woyankha ndinali ine. Pakamwa panga pankagwira ntchito ya anthu awiri.

Ababa anali ndi njira yawoyawo. Ankamunyamula m'mwamba.

"Nena kuti ababa," ankatero. "Nena, mwana wanga. Changu."

Ennie ankayang'ana pansi. Ababa ankamutsitsa pang'onopang'ono. Kenako ankakakhala pakhonde okha.

Tsiku lina amayi anamva nkhani kusikelo. Lachinayi lililonse kunkabwera mayi wina kuchokera ku Zomba. Ntchito yawo inali kuthandiza ana ochedwa kuyankhula. Ana ankawatchula Anti Bernadette.

Lachinayi nditaweruka kusukulu, tinapita. Anti anabwera pa njinga yamoto. Anali ndi chikwama chachikulu. Ine ndinaganiza kuti muli jakisoni. Ennie anandigwira dzanja mwamphamvu.

Anti anatsegula chikwama. Munali mpira. Munali chidole chansalu. Munali zitsekerero za mabotolo. Jakisoni munalibe.

Poyamba Anti anayeza makutu a Ennie. Ennie ankamva bwino. Kenako Anti anavula nsapato. Anakhala pamphasa ngati mwana. Amayi anadabwa. Anafunsa za mankhwala.

"Mankhwala ake ndi masewera, mayi," anatero Anti.

Anti anagubuduza mpira. Ennie anaubweza. Anti anagubuduzanso. Ennie anaubwezanso. Kenako Anti anangougwira mpira uja. Anamwetulira. Anadikira.

Ennie analoza ndi chala.

"Akufuna mpira," ndinatero ine.

Anti anaseka. "Tawina, lero pakamwa pako papume."

Anandiuza kuti ndiziwerenga mumtima mpaka khumi. Ndisanafike khumi, ndisayankhule. Imeneyo inali ntchito yaikulu kwa ine. Ndinawerenga. Pakamwa pankandiyabwa.

Nditafika pa zisanu ndi ziwiri, Ennie anati, "Mm."

"Mpira," anatero Anti. "Nawu mpira." Ndipo anamupatsa msanga.

Anti anafunsa chimene Ennie amakonda kwambiri. Funso limeneli anandilola kuyankha. Ndinati minibasi.

Lachinayi lotsatira tinapanga minibasi. Benchi inali mipando. Chivundikiro cha poto chinali chiwongolero. Ndowa inali chitseko. Ine ndinali dalaivala. Amayi ndi chidole anali okwera.

Lamulo linali limodzi. Minibasi siyenda kondakitala asanalamule.

Anti anayamba kutionetsa. Anamenya ndowa. Go, go! Anati, "Tiye." Ine ndinati, "Vuuu." Amayi anagwedezeka ngati alidi pamsewu. Ennie anaseka mpaka kugwa pansi.

Kenako kondakitala anali Ennie. Anamenya ndowa. Go, go! Mawu sananene. Koma Anti anati, "Tiye," ndipo tinayenda.

Tinasewera Lachinayi limenelo. Tinasewera Lachinayi lina. Tinasewera linanso. Kunyumba tinkasewera pansi pa mtengo wa mango. Benchi yathu inasanduka minibasi. Amayi ankasowa chivundikiro cha poto.

Tsiku lina Ennie anamenya ndowa. Go, go! Anti sananene kanthu. Ine ndinayamba kuwerenga mumtima. Minibasi inangoima.

Ennie anatiyang'ana. Anakwinya nkhope. Anamenyanso ndowa.

"Ye," anatero.

Ine ndinayendetsa minibasi mothamanga kwambiri. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje.

Mawu anayamba kubwera. Ankabwera pang'onopang'ono. Kunabwera "tiye". Kunabwera "ima". Kunabwera "mama". Amayi anasiya kuthamanga ndi kapu. Nawonso anaphunzira kuwerenga mumtima.

Koma mawu oti "baba" sanabwere. Ababa akangofika, ankati, "Nena kuti ababa." Ennie ankatseka pakamwa ndithu. Ababa ankaganiza kuti mwana sawakonda.

Anti anapempha kuti ababa abwere. Lachinayi lina ababa anasiyira ntchito anzawo, a Everson. Anabwera kusikelo. Anakhala pabenchi mwamanyazi.

"Bambo ake Ennie," anatero Anti, "minibasi yanu imanyamuka isanadzaze?"

"Ayi. Timadikira."

"Nanga anthu akachedwa?"

"Timadikirabe."

"Ennie nayenso akudzaza mawu. Mudikireni."

Ababa anakanda m'mutu. Anaseka pang'ono. Ananena kuti ayesa.

Lamulungu tinapita kutchalitchi ku Mishoni. Titabwerako, tinatulutsa benchi. Tinatulutsa ndowa. Tinatulutsa chivundikiro cha poto.

Ababa anali munthu wodikira minibasi. Anaima pafupi ndi mtengo wa mango. Ananyamula thumba pamutu. Ndinawauza lamulo la Anti. Pakamwa pawo papume.

Ennie anamenya ndowa. "Tiye."

"Vuuu," ndinatero ine.

"Ima," anatero Ennie. Ndinaima.

Ennie anayang'ana ababa. Ababa anayang'ana Ennie. Pakamwa pa ababa panayamba kutseguka. Ine ndinaika chala pamlomo. Ababa anatseka.

Ndinawerenga mumtima. Ndinafika khumi. Ennie anali chete. Ndinayambiranso. Nkhuku inadutsa pansi pa minibasi. Ababa anadikira. Thumba linali pamutu. Anadikirabe.

Ennie anatambasula dzanja.

"Baba," anatero. "Kwera."

Thumba linagwa pansi. Ababa anakwera. Benchi inalira, chifukwa ababa ndi aakulu. Maso awo anadzaza misozi. Ananena kuti ndi fumbi la pawindo. Komatu minibasi yathu inalibe mawindo.

Ennie anamenya ndowa. Go, go! Tinapita ku Malosa. Tinapita ku Liwonde. Tinabwerera ku Songani. Amayi anatiitana kuti tikadye, koma kondakitala anakana kuima.

Lolemba m'mawa tinaima pamsewu. Minibasi ya ababa inatulukira. Ine sindinakuwe. Ndinaluma mlomo.

"Baba!" anakuwa Ennie.

Ababa anatembenuka. Anamenya chitseko. Minibasi inaima. Ababa anatsika, namunyamula Ennie m'mwamba. Okwera anadabwa, chifukwa sipanali pa siteji.

Zimenezi zinachitika zaka zinayi zapitazo. Anti Bernadette anasamukira ku boma lina. Kumeneko akusewera ndi ana ena. Ndikamva njinga yamoto Lachinayi, ndimatembenukabe. Ndimawasowa. Ndimasowa mphasa ija ndi chikwama chija.

Chivundikiro chinabwerera papoto. Ndowa inabooka, ndipo amayi anadzalamo anyezi. Benchi ilipobe. Mwendo umodzi unathyoka. Ababa anaukhoma ndi misomali. Safuna kuti wina aiwaze nkhuni.

Lamulungu masana ababa amakhala pabenchi imeneyo. Ennie amakhala pambali pawo. Amawauza za kusukulu. Amawauza za anzake. Amawauza za nkhuku. Nkhani zake sizitha.

Ine ndimati, "Ennie, pakamwa pako papume."

Koma ababa amandikwezera dzanja.

"Musiye," amatero. "Ndinadikira nthawi yaitali."