Chitini pa Paipi ya Utsi

A Mapaipi anatseka galaja yawo mochedwa tsiku limenelo, maminibasi atatha kale pamsewu. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala, poti ntchito yawo inali imodzi basi, kudula ndi kuwotcherera mapaipi a utsi pansi pa magalimoto. Magetsi anali atazima, foni nayo itatha moto. Anauyamba wapansi, koma mtima uli mbee, akudzitama kuti lero amusangalatsa mwana wawo wamkazi.

Nkhani yake inali yotere. Mkamwini wawo anagula galimoto ya tabo, zija za injini yaliwiro, n'kuchotsa paipi yabwinobwino, n'kuikamo chimpaipi chonenepa ngati ntchafu. Amuna ndi zidole zawo! Ikafika pamsewu waukulu m'kati munkangoti wuuu osalekeza, phokoso lolowa mpaka m'mano, ndipo khanda la miyezi isanu linkalira mpaka kusasa mawu. Ndiye mwana wawoyo anabwera nayo masana.

"Ababa, chitanipo kanthu. Apongozi adwalika, ndinyamuka madzulo ano. Maola anayi ndi phokoso limeneli, ndikafika nditapenga."

A Mapaipi anadula paipi n'kulumikizapo kamgolo kochepetsa phokoso. Anamata mapepala a phula pansi pa kapeti, m'zitseko, m'buti monse. Ngakhale timabowo takumbuyo totulutsira mpweya anatimata, ati phokoso limalowera pamenepo. Atatsala pang'ono kumaliza kuwotcherera, magetsi thi! Polumikizira panatsala mpata wolowa chikhadabo. Munthu wamutu akanati, mwana wanga, gona, upite mawa. Iwo ayi. Anakulungapo chitini, n'kumanga ndi waya, monga ankachitira masiku onse magetsi akawathawa.

"Tseka mawindo onse umve," anatero. Mwanayo anatseka, analiza injini, anaseka. Anamangirira khanda kumpando wakumbuyo n'kumapita.

Njira ya kwawo inkadutsa pamlatho wakale, pomwe nyali za mumsewu zinafa kalekale. Ali pakati pa mlathowo, mphuno zawo zinagwira fungo la utsi wa galimoto. Anacheuka. Kunalibe galimoto, kutsogolo ngakhale kumbuyo.

Kenako anamuona. Bambo wamtali, wovala jekete, atatsamira chitsulo cha mlatho, mutu uli wezuwezu ngati munthu wolimbana ndi tulo. M'manja anagwira kansapato kamodzi ka mwana.

"Amisiri," anatero munthuyo, mawu ake olemera. "Munaigwira ntchito. Sinalirenso."

"Zikomo, achimwene. Galimoto iti kodi?"

"Yoyera ija. Mutu wokha ndiye unkawawa pang'ono." Anayasamula. Fungo lija linatuluka m'kamwa mwake. "Ana amagona bwino m'menemo. Wanga ndiye anayamba kugona."

A Mapaipi anamuyang'anitsitsa. Nkhopeyo anaikumbukira. Dalaivala wina wa galimoto yoyera, yatabonso, amene anabwera kamodzi osabwereranso.

"Chitini chimapsa, amisiri," anatero munthuyo. "Ola limodzi... awiri... waya amamasuka. Utsi upite kuti? Munatseka ponse."

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana msewu womwe mwana wawo anadzera.

"Wa lero uja wadutsa pano. Kakhanda kali kumbuyo."

"Mayo ine!"

Anathamanga. Atacheuka, pamlatho panalibe munthu.

Anatulutsa foni. Yakufa. Anaimenya pachikhatho. Yakufa! Kunabwera lole, anaima pakati pa msewu akukupiza manja, dalaivala anangowakhotera n'kuwatukwana. Galimoto ina yaing'ono inachita kuwonjezera liwiro. Ndani angaimire munthu wamafuta thupi lonse usiku ngati umenewo? Anagogoda pageti ina, anayankhidwa ndi agalu. Miyendo ya zaka makumi asanu ndi limodzi inakana. Anagwa. Anadzuka. Nsapato imodzi inatsala m'ngalande. Maola atatu anali atakwana chinyamukireni mwana uja, ndipo iwo, mmisiri wotchuka, analibe choti n'kumasula, analibe choti n'kumanga. Manja ali lende.

Anafika kunyumba akukwawa pakhonde. Akazi awo anatsegula chitseko.

"Mwayambanso mowa, bambo inu?"

"Foni! Imbira mwana! Msanga!"

Inaitana mpaka kuduka. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu anayankha.

"Amama..." Mawu ake ankakokeka ngati a munthu woledzera. "Muwauze ababa... zikomo. Mwana wagona... bwinobwino. Koma mutu..."

A Mapaipi analanda foni. "Ima! Zimitsa injini! Tsegula zitseko, tuluka!"

"Ndatsala pang'ono... kufika..."

"Ndati ima, iwe! Ndakugwadira, mwana wanga, ima!"

Zii. Anakanikiza foni kukhutu. Sankamva injini, sankamva msewu, sankamva chilichonse. Ntchito ya manja awo imeneyo.

Kenako matayala anakhuluza miyala. Chitseko chinatseguka. Kutsokomola, kusanza.

"Mwana!" anakuwa akazi a Mapaipi. "Tulutsa mwana!"

"Sakudzuka, amama... ali lobodo..."

"Mugoneke pamphepo! Mutsine! Muuzire mpweya m'kamwa!"

Awiriwo anagwada pasimenti, foni ili pakati pawo. Mphindi inatha. Ina inayamba. Ndiye kutali, mkati mwa kafoni kaja, kunamveka kamawu kowonda ngati ka mwana wa mphaka. Kenako kulira kwenikweni. Anamvanso galimoto ina ikuima, ndi mawu a mayi wachilendo akuti, "Kwerani, chipatala chili pafupi."

Foni itaduka, akazi a Mapaipi anatembenukira kwa amuna awo.

"Wakuuzani ndani?"

"Kasitomala wanga wakale. Wamtali, wa galimoto yoyera. Ndamupeza pamlatho."

Mayiwo anakhala pansi, n'kukoka nsalu kufunda mapewa.

"Ameneyo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anamupeza m'mawa pamlatho pomwepo, injini ikulira, mawindo otseka, kamwana kake kali kumbuyo. Anthu anati ndi mtima. Mkazi wake anabwera pano atanyamula chitini chopserera, inu muli ku galaja."

"Ndiye iwe unatani?"

"Ndinamuthamangitsa ndi tsache. Ndinati amuna anga sapha anthu."