Anawapeza Atasambitsidwa Kale

Madzulo amenewo a Kalipentala ankasesa utuchi m'shedi mwawo. Dzuwa likapendeka ntchito yawo inali yomweyo: kupachika sowo pamsomali, kupukuta hamala, kutola misomali yogwa n'kuiponya m'chitini. Chimwalirireni akazi awo ankachita zonse mosafulumira, ngati munthu woyenda m'madzi ofika m'chiuno. Sankalira, komanso sankaseka. Ankakhoma mipando ndi zitseko, ndipo m'mudzimo mukagwa zovuta ankakhoma bokosi.

Mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, anaima pakhomo la shedi atapinda manja. Anali pafupi kukwatiwa ndi mnyamata wokonza njinga ndi mijigo, amene aliyense ankangomutchula kuti Makaniko.

"Ababa, amalume ake a Makaniko afunsanso."

"Afunsa chiyani?"

"Kuti kwathu kwenikweni n'kuti. Akuti ngakhale nkhuku yogula pamsika imakhala ndi khola lomwe inachokera."

A Kalipentala anayedzamiritsa tsache kukhoma. Bambo awo anafika m'mudzimo ali mnyamata, atanyamula bokosi la zipangizo paphewa, ndipo mpaka imfa sanatchulepo mayi, mbale kapena phiri lakwawo.

"Ndikafufuza," anatero.

Pabenchi la panja panali patakhala Amayi a Sopo. Iwowa ndi amene ankasambitsa maliro m'mudzimo, ndipo fungo la sopo wofiira silinkachoka pamanja pawo. Anabwera kalekale, sabata imene bambo a Kalipentala anamwalira mwadzidzidzi, nathandiza pamalirowo, ndipo sanachokenso. Poti ntchito zawo zinkakumana pamaliro, awiriwa anazolowerana, moti madzulo ambiri gogoyo ankabwera kudzakhala pabenchipo.

"Fufuzani, bambo," anatero modekha. "Munthu wopanda abale ndi mpando wa mwendo umodzi. Mukapeza wina muzindiuza, ndizisangalala nanu."

Pansi pa bokosi la zipangizo panali khadi lakale la kuntchito, la pafamu ina imene inatsekedwa. A Kalipentala anakwera basi n'kupita kumeneko. Mlonda anawatsegulira chipinda chimene munali makatoni a makadi onunkha mikodzo ya makoswe. Anapeza khadi la bambo awo. Dzina limene iwo ankalidziwa linalembedwa pamwamba pa dzina lina lofufutidwa, ndipo pambali panali dzina la tchalitchi.

Kutchalitchiko anawapatsa buku la ubatizo lodyedwa ndi njenjete m'mbali. Anayendetsa chala pang'onopang'ono mpaka anapeza dzina lofufutidwa lija. Pansi pake, m'masamba otsatira, panali ana ena a bambo mmodzi yemweyo: anyamata awiri ndi atsikana awiri. Zotsalazo anakazipeza ku ofesi ya boma, m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe kalaliki ankawaponyera mafayilo a maukwati uku akuyasamula. Mayina a atsikanawo sanawapeze. Koma anyamatawo onse anali atasintha dzina m'chaka chimodzi, monga bambo awo.

Anayembekeza kuti mtima udumpha. Sunadumphe. Anangomva njala ndi kuwawa kwa msana.

Chodabwitsa n'chakuti abalewo sanali kutali. Woyamba anali mkulu woweta njuchi kutsidya kwa khwawa, amene a Kalipentala anakhala akupatsana naye moni kuyambira ubwana. Anamupeza akumanga mng'oma.

"Bambo aang'ono," anatero a Kalipentala, natchula dzina lakale lija.

Chingwe chinagwa m'manja mwa mkuluyo. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

"Sindikukudziwani. Chokani pano."

"Koma mabuku akuti..."

"Mabuku alibe khosi loti alipotokole. Chokani!"

Madzulo Amayi a Sopo anafunsa za ulendowo, ndipo a Kalipentala anafotokoza zonse. Gogoyo anangogwedeza mutu, akusisita manja ake osalala.

Patapita masiku ochepa, nthawi imene nkhuku zimalowa m'khola, oyandikana ndi woweta njuchi anamva madzi akuthiridwa m'beseni kuseri kwa nyumba yake. Anathiridwa kwa nthawi yaitali, kuposa amene ndowa ingasunge. Kenaka kunamveka nsalu ikufinyidwa. Agalu sanauwe. M'mawa mkuluyo anamupeza atagona chagada pamphasa, tsitsi lili lonyowa, manja atapingasa pachifuwa, chibwano chitamangidwa ndi kansalu koyera. Chipinda chonse chinkanunkha sopo. Chitseko chinali chokhoma m'kati.

Ataitanidwa, Amayi a Sopo anasuzumira pathupipo n'kunena kuti, "Apa palibe ntchito. Wina wandithandiza kale."

A Kalipentala anayeza thupilo ndi tepi, nakhoma bokosi. Pokhomapo sanaganize kuti akukhomera mbale. Ankangowerengera matabwa.

Anapitiriza kufufuza, poti anali atayamba. Mnyamata wina wa m'buku lija anali atamwalira kale, koma anasiya mwana wamkazi, mayi wansangala amene ankayendetsa chigayo pamsika. Iyeyu sanawathamangitse. Anawakumbatira mpaka malaya awo anayera ndi ufa.

"Achimwene! Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukundilipira ngati mlendo? Nanenso mphuno imeneyi ndikanaizindikira!"

Anawalonjeza kuti paukwati adzavina mpaka nsapato zidzang'ambike. A Kalipentala anabwerera ali ndi kanthu kofunda pachifuwa, koyamba chimwalirireni akazi awo, ndipo madzulo anauza Amayi a Sopo.

Sabata isanathe, madzi anathiridwa kuseri kwa chigayo. Mayiyo anamupeza m'mawa pakati pa matumba, atasambitsidwa, zikhadabo zitawengedwa. Maliro asanaiwalike, mwana wake wamwamuna anapezekanso chimodzimodzi.

Mudzi unazizira. Amayi anasiya kusambitsa ana dzuwa likalowa. Munthu akataya madzi otsukira mbale, nyumba yoyandikana nayo inkazimitsa nyale. Pagolosale sopo wofiira anauma pashelefu osagulidwa. Ndipo pamjigo mphekesera inayamba.

"Aliyense amene Kalipentala wamuyendera, mawa lake tepi."

"Mipando sikuyenda malonda, ndiye akufuna ya mabokosi."

"Mwamuona m'maso? Ngakhale pamaliro a mkazi wake sanagwetse msozi."

Anthu anasiya kudutsa pafupi ndi shedi. Ana ankathawa akamva hamala. Amene anapitiriza kubwera anali Amayi a Sopo okha.

"Musawamvere," ankatero. "Nanga atsikana awiri aja? Mwawapeza?"

Mmodzi anamupeza kudzera m'kaundula wa pachipatala cha maso: gogo wakhungu amene ankasungidwa ndi anthu achifundo kumudzi wina wakutali. Madzulo a tsiku loti mawa anyamuka, a Kalipentala anatchula mudziwo pabenchi paja, monga mwa chizolowezi.

Anawapeza azakhaliwo atakhala pampando wansungwi m'kachipinda kamdima. Atamva dzina lakale, gogoyo anatambasula manja napapasa nkhope ya mlendoyo, chipumi, mphuno, makutu.

"Ndiwe mwana wa achimwene. Watipeza bwanji?"

"M'mabuku, azakhali."

"Ena wawapeza?"

A Kalipentala anafotokoza za woweta njuchi, za mayi wa pachigayo ndi mwana wake. Manja a gogoyo anatsika pang'onopang'ono mpaka pamaondo.

"Mwanawe, ukuganiza tinatayana chifukwa chodana? Tinamwazikana dala. Tinkakumana pamsika n'kudutsana ngati alendo, mtima ukutuluka magazi, kuti iyeyo asatilumikize."

"Ndani?"

"Mayi athu atamwalira, bambo anakwatira kamtsikana, kakang'ono kuposa ine. Kanabereka mwana. Tsiku lina anatisiyira khandalo kuti tilisambitse, ife n'kutengeka ndi masewera. Linamira m'beseni. Mayi wakeyo sanalire. Analipukuta, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi, n'kunena kuti nanenso ndidzakusambitsani nonse, ndi ana anu omwe. Anayamba ndi bambo. Ife tinathawa."

Panja mbuzi inkadzikhula kukhoma. A Kalipentala ankamva phokosolo bwinobwino, kuposa mawu a azakhali awo.

"Wauza ndani kuti wabwera kuno?"

"Gogo wina wa kwathu. Amasambitsa maliro."

Azakhaliwo anaseka kuseka kouma, kopanda mano.

"Ndi yemweyo, ndiye wakusunga zaka zonsezi ngati galu wosakira. Chabwino. Ine ndatopa kale ndi kumvetsera madzi. Koma tchera khutu. Mng'ono wanga, chitsirizira chathu, anamwalira yekha ndi ukalamba, iyeyo asanamupeze. Dzina lake latsopano silili m'buku lililonse, anakwatiwa osalembetsa. Anasiya mdzukulu mmodzi. Ndimamva kuti amakonza njinga ndi mijigo chakwanuko. Ameneyo usadzamutchule. Tsiku limene adzadziwe kuti wamaliza kusaka, galu sadzamufunanso, ngakhale mwana wa galuyo."

M'basi pobwerera a Kalipentala anakhala pafupi ndi zenera. Ankaona mitengo ikudutsa. Kondakitala anawafunsa kawiri komwe akutsikira.

Anafika dzuwa likulowa. Pabenchi panalibe munthu. Kanyumba ka Amayi a Sopo kanali kotseka, beseni lawo lalikulu silinali pamalo pomwe linkakhala. Mawa lake masana uthenga unafika kuchokera kumudzi wakutali uja: gogo wakhungu wapezeka atasambitsidwa, atapesedwa tsitsi.

A Kalipentala anapita pamjigo pomwe panali anthu, nanena zimene anamva. Analankhula mosakweza mawu, ngati akutchula mtengo wa chitseko, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe anawakhulupirira.

"Gogo amene anasambitsa amayi athu tonse?"

"Mfiti ikapanikizika imaloza mnzake."

"Chokani, tisanakutenthereni shedi."

Madzulo Amayi a Sopo anabwera monga kale, nakhala pabenchi. Zala zawo zinali zokwinyika, ngati za munthu amene wakhalitsa m'madzi.

"Ndamva mumanditchula pamjigo," anatero mosakwiya. "Palibe kanthu. Chisoni chimalankhulitsa." Anayang'ana kukhitchini, komwe mwana wa a Kalipentala ankasonkha moto akuimba chapansipansi. "Wakula bwino mtsikanayu. Khungu losalala. Watsala mmodzi, si choncho? Wamng'ono wa atsikana aja?"

"Sindinamupeze."

"Mumupeza. Muli ndi dzanja labwino. Ine sindifulumira."

Atachoka, mtsikanayo anabweretsa tiyi.

"Ababa, nanga amalume ake a Makaniko ndikawauze chiyani?"

A Kalipentala anayang'ana kapu. Akanati anene kuti ukwati sutheka poti awiriwo ndi magazi amodzi, mudzi wonse ukanafunsa umboni, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani ikanafika pabenchi. Akanati athawe, anadziwa kuti bambo awo anathawapo kale.

"Ukawauze kuti kwathu n'konkuno," anatero. "Ukwati upitirire."

Ukwati unachitika, wa anthu ochepa. Makaniko anamanga nyumba yake kuseri kwa shedi, poti apongozi ake anapempha kuti akhale pafupi. Anali mnyamata waulemu, wokonda nthabwala, ndipo za agogo ake ankangodziwa kuti anali mayi wosalankhulalankhula. A Kalipentala sankamuyang'ana nthawi yaitali. Mnyamatayo akaseka, iwo ankamva kuseka kwa mayi wa pachigayo, ndipo ankayamba kukhoma msomali uliwonse umene unali pafupi.

Imfa zija zinaleka. Pang'onopang'ono anthu anayambiranso kudutsa pashedi, ena n'kuodanso mipando. Sopo wofiira anayambanso kugulidwa.

Koma mwezi uliwonse a Kalipentala amavala jekete n'kukwera basi. Kalaliki wa m'chipinda chapansi anawazolowera, moti amangowalozera shelefu. Amatenga fayilo iliyonse, kaya ya misonkho ya agalu kaya ya malire a minda, n'kukhala pabenchi lolimba. Amatembenuza masamba mpaka madzulo osawerenga liwu ndi limodzi lomwe. Akatero amagwedeza fumbi pamaondo n'kubwerera.

Amapeza Amayi a Sopo akudikira. Gogoyo sakudwala, sakuwerama, mano ake akadali onse.

Tsiku lina atatsika basi anapeza Makaniko atagwada pafupi ndi benchi, akumata beseni lalikulu lija, limene linabooka pansi. Ankaimba mluzu. Gogoyo anali atamuweramira, akumuyang'anitsitsa kumbuyo kwa khosi.

"Mkamwini wanuyu ndi wamanja," anatero osatembenuka. "Mwapeza ndani lero, bambo?"

"Palibe."

"Mwezi wamawa?"

"Mwezi wamawa."

Makaniko anathira madzi m'besenimo kuti aone ngati likudonthabe. Anadikira pang'ono, anasuzumira kunsi, kenaka anamwetulira.

"Lakhala bwino, agogo. Limeneli likutumikirani zaka zambiri."