Zimene ndinakhomerera m'chipupa

Madzulo amenewo ine ndi mkazi wanga Ozella tinadya nyemba ndi chigumu, n'kukhala pafupi ndi mbaula. Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira phiri lonse.

Kenaka m'chipupa munamveka: tseke, tseke, tseke.

"Bambo, njoka!"

"Njoka kuzizira konseku? Zili mtulo kuuna."

Koma ndinkadziwa. Kwathu kuno kumapiri a Kentucky, woimba vayolini, kagitala koimba ndi uta, amaponya m'kati mwake nsonga ya mchira wa njoka ija yolira ngati maseche, kuti mawu azituluka akuthwa. Vayolini ya atate anga, a Lonzo, inali nayo. Ndine ndinaikhomerera m'chipupamo chaka chimene ndinabatizidwa, abusa a Hensley atanena kuti ndi bokosi la Satana. Atate anandipempha akulira kuti ndisatero. Ndinakana. Anamwalira zala zikungoyendayenda pabulangete ngati zili pansambo za vayolini. Nyimbo za m'chigwa chathu zinatsala m'mutu mwanga mokha, ndipo ndinkaziiwala dala.

Tseke, tseke. Sikunali kulira wamba, kunkatsata nyimbo. Pakhonde chidendene chinayamba kugunda thabwa: gu, gu, gu. Ndinatsegula chitseko. Panalibe munthu. Pachipale panalibe phazi.

"Pempherani, bambo!" anatero Ozella.

"Ndapemphera zokwana, mayi. Patseni nkhwangwa."

Ndinakanganula matabwa. Vayolini inali pomwepo, fumbi lokhalokha, koma pogwira zala panali poyera. Nsambo zinali zokungika, osati mwa masiku onse, koma momwe atate ankakungira akafuna kuimba nyimbo imodzi yokha, ya agogo awo. Nditaikapo uta, zala zinaikumbuka zokha.

Kunacha ndili pakhonde, ndikuimbabe. Abusa a Hensley, okalamba tsopano, anaima pampanda ndi ndodo yawo.

"M'bale Doyle, wabwerera kumasanzi? Tentha chinthucho!"

"Abusa, ndinamvera inu, ndinaliza atate anga. Ichi sinditentha. Lamlungu ndibwera nacho kutchalitchi, mudzandithamangitse nokha. Ndipo mwana aliyense wa m'chigwa muno amene afune, ndimuphunzitsa."

Anthu akumunsi amanong'onezana kuti usiku umenewo anamva mavayolini awiri. Ine sinditsutsa. Ozella amangoti mapazi anga anali phee, koma thabwa linkagunda.

Mpaka lero ana akabwera kudzaphunzira, ndimasiya mpando umodzi pambali, ndipo sindigunda chidendene. Wogunda alipo.