Kamphepo Akufunanso Magalasi

Kamphepo ankafuna magalasi. Ankafuna ofiira, ngati a mng'ono wake.

Mng'ono wakeyo anali ndi ng'ala m'maso. Pakati pa diso lililonse panali poyera ngati mkaka. Ankagunda mpando. Ankagunda chitseko.

Adokotala a maso anamuchita opaleshoni. Amayi anagona naye kuchipatala. Abambo anamugulira chidole. Azakhali anamugulira nsapato. Kenako mwanayo analandira magalasi ofiira.

Kamphepo sanalandire kanthu. Alendo ankangofunsa za mng'ono wake. Za Kamphepo, ayi. Nsanje inamugwira.

Tsiku lina anagunda mpando dala. Anagundanso chitseko dala.

"Amayi, inenso sindikuona," anatero.

Amayi anamuyang'ana. "Chabwino. Mawa tipite kwa adokotala."

Adokotala anayatsa katochi. Anaunika diso lakumanja. Anaunika lakumanzere.

"Maso ako ali bwinobwino," anatero adokotala.

Kamphepo anawerama. "Koma zabwino zonse ndi za mng'ono wanga."

Adokotala anatenga kagalasi. Anakauzira mpweya. Kagalasiko kanachita chifunga.

"Tasuzumira apa. Ukuwaona amayi ako?"

"Ndikungoona mbuu."

"M'diso mulinso kagalasi," anatero adokotala. "Kakachita chifunga, ndiye ng'ala imeneyo. Mng'ono wako ankaona chonchi. Tinamugoneka tulo. Tinachotsa timagalasi tachifungato. Tinaikamo tatsopano."

"Ndiye inenso sankandiona bwino?"

"Iwenso sankakuona bwino."



Atafika kunyumba, Kamphepo anapeza mng'ono wake akulira. Ankakana mankhwala odontheza m'maso. Abambo ananyengerera, iye anakana. Amayi ananyengerera, iye anakana.

Kamphepo anagwada pafupi naye.

"Tayang'ana kuno. Ukuona chiyani m'kamwa mwangamu?"

Mng'ono wake anayang'anitsitsa. Analoza ndi chala.

"Dzino palibe," anatero, n'kuyamba kuseka.

Kamphepo anamugwira dzanja. Amayi anamuvula magalasi. Dontho limodzi kumanja. Dontho limodzi kumanzere. Sanalirenso.

Kenako amayi anatembenukira kwa Kamphepo.

"Dzinoli linachoka liti?"

"Dzana."

"Ine osaona n'komwe. Pepa, mwanangu. Bwera kuno."

"Pamwendo panu pakhala kale mng'ono wanga."

"Miyendo ndili nayo iwiri," anatero amayi.

Kamphepo anakhala pamwendo winawo. Anatsegula pakamwa. Amayi anaona kadzino katsopano kakumera.